Musanagule VW T3 yakale yogonamo, yang'anani giyabokosi

Amene mukufuna kugula Volkswagen T3 yogonamo paulendo, zija zinayamba kupangidwa mu 1979 ndipo ku South Africa zinapitirira mpaka 2002, ndimvereni pang'ono. Ya automatic ili ndi magiya 3 okha. M'tauni imakoma, phazi lamanzere limapuma, koma pamsewu wautali injini imalira kwambiri ndipo imamwa mafuta. Batire likafooka kutchire, simungailize poikankha ngati ya manual. Ine ndimakonda ya manual pa chifukwa chimenecho, komanso makaniko ambiri amaidziwa bwino.

Mtima ukakhala pa automatic, yendetsani galimotoyo kaye itenthe, muimike pamalo osatsetsereka injini ikulira, kenako solani kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi. Pukutirani pa kansalu koyera. Oyilo wabwino amakhala wofiira. Akakhala wakuda, akununkha ngati chinthu chopserera, musapereke ndalama. Funsaninso ngati oyiloyo amachepa popanda kudontha pansi, chifukwa labala yotsekera ikatha amalowa mu difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala) n'kusakanikirana ndi oyilo wa mmenemo, mano ake n'kuyamba kudyeka.