Lekani kuika makina pa ziro ndi madzi okha

Nyengo ino zotsatira za kuyeza fosiforasi wa m'dothi mu labu zikutuluka zokwera modabwitsa, ngakhale pa dothi loguga loti maso okha akuona kuti linatha mphamvu. Mukalondola bwino, spectrophotometer, makina oyezera kuwala kodutsa m'sampulo, ilibe mlandu. Vuto lili pa cuvette (kabotolo kolowetsa m'makinawo) yoyamba, yoikira ziro: anthu akuthiramo madzi a distilled okha, kudina ziro, basi nkuyamba kuwerenga.

Makinawa sadziwa fosiforasi. Amangoyerekeza kuwala komwe kwalowa ndi komwe kwatuluka mbali inayo, ndipo chilichonse chotchinga kuwala pa wavelength (mtundu wa kuwala) ya 880 nm amachilemba ngati absorbance, kutanthauza kuchuluka kwa kuwala kotchingidwa. Mankhwala otulutsira fosiforasi m'dothi, kaya ndi a Olsen, a Bray kapena a Mehlich 3, amatha kukhala ndi kafosiforasi kawo. Pepala losefera nalonso. Mabotolo otsukidwa ndi sopo wa phosphate ndiye osanena. Zonsezi zikakumana ndi molybdate ndi ascorbic acid, mankhwala oonetsa fosiforasi ndi mtundu wa buluu, zimabereka kabuluu kochepa, koti diso silingakaone. Madzi okha alibe kabuluuko, choncho konse kamakawerengedwa ngati kachokera m'dothi.

Tiyerekeze kuti blank yeniyeni, yomwe ndi mankhwala onse opanda dothi, ikanawerenga 0.030, ndipo dothilo palokha ndi 0.050. Mwaika ziro ndi madzi, makina akupatsani 0.080. Mwachulukitsa ndi fakitala yanu yosandutsira absorbance kukhala mulingo wa fosiforasi, mwakweza zotsatira ndi 60 peresenti. Pa dothi lachonde kusiyanako kumabisala, koma pa dothi losauka, lomwe mwini wake akufunikiradi thandizo, mpamene bodza limakula.

Mlimi wina anauzidwa kuti munda wake uli ndi fosiforasi wokwanira, nangogula feteleza wa nayitrojeni yekha. Patapita masabata ochepa mbewu zinapinimbira, masamba apansi atafiirira modera m'mbali. Iye ankadandaula kuti anamugulitsa mbewu yoipa. Dothi lomwelo litayezedwanso ndi blank yoyenera, linapezeka losowa fosiforasi, nthawi yothira wokulitsa itapita kale.

"Takhala tikuchita chonchi kuyambira kale" si yankho. Kale munkalakwitsanso, kungoti palibe anabwera kudzafunsa. Ena amakonza blank Lolemba nkumaigwiritsa ntchito sabata yonse, pomwe ascorbic acid wosakanizidwa kale satha tsiku asanayambe kufooka. Ulesi umenewu ukupweteka anthu osalakwa.

Blank ikhale ndi zonse kupatula dothi: mankhwala omwewo, mulingo womwewo, yosefedwa pa pepala lomwelo, yodikira mphindi zofanana ndi masampulo. Ma standard, omwe ali ndi fosiforasi wa mulingo wodziwika, asungunuleninso m'mankhwala otulutsira omwewo, osati m'madzi. Yatsani makina mphindi 15 mpaka 30 musanayambe, gwirani cuvette mbali zosawala, pukutani ndi tishu yosasiya ulusi, ndipo muziilowetsa moyang'ana mbali imodzi nthawi zonse. Mukasintha wavelength, ikaninso ziro. Bwezeranimo blank pakatha masampulo 10 aliwonse, ndipo sampulo ikadutsa standard yapamwamba, isungunuleni muyezenso.