Posankha matayala a nyengo zonse okhoza kuyenda pa sinowo

Amene mwasamukira ku Scotland, Canada kapena Germany ndipo mukufuna matayala oyendera chaka chonse, musakhulupirire msanga mawu a wogulitsa. Gwadani pansi, muyang'ane m'mbali mwa tayalalo. Zilembo za M+S (zoimira mawu a Chingerezi otanthauza matope ndi sinowo) zokha sizikwanira, chifukwa zimangonena za kapangidwe ka mizere yake, osati kuti linayesedwa pa sinowo. Chofunika ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka sinowo mkati mwake, chimene chimapatsidwa pokhapokha tayala litapambana mayeso. Michelin CrossClimate 2 ndi Goodyear Vector 4Seasons ali nacho. Ku Germany, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, tayala lopanda chizindikirochi sililoledwa pamsewu wa sinowo kapena madzi oundana.

Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7 a Celsius, mphira wa matayala wamba umauma n'kusiya kugwira bwino msewu, ngakhale tayalalo likhale latsopano. Lamulo la ku Britain limalola mizere yozama mamilimita 1.6, koma pa sinowo ine sindingayende ndi yochepera 4. Musinthe onse anayi pamodzi, pakuti kuika abwino kutsogolo kokha kumachititsa kuti kumbuyo kwa galimoto kuterereke pakona.