Momwe mungadzitetezere ku nkhono ya ululu ya m'nyanja ya mchere

Madalaivala a malole ndi ochita malonda a ku Dedza ndi Ntcheu amene amafika ku Beira, Nacala kapena Pemba m'dziko la Mozambique nthawi zina amatola zigoba zokongola m'mphepete mwa nyanja kuti akakongoletsere m'nyumba. Pakati pa zigobazo pamapezeka nkhono yotchedwa Conus geographus, imene ululu wake unaphapo anthu, ndipo jakisoni wothetsa ululuwo kulibe. Nkhono za kwathu kuno, monga za kugombe la Mtakataka, sizilasa munthu. Vuto la nkhono za kwathuzi ndi likodzo.

Choyamba, dziwani maonekedwe a nkhono ya ululuyi. Chigoba chake n'chotambalala mbali imodzi, chosongoka mbali inayo, chimatalika mpaka masentimita 15, ndipo chili ndi mawanga ofiirira ndi oyera onga mapu. Usiku imasaka nsomba pozilasa ndi dzino longa muvi, pamene masana imabisala mumchenga ndi pansi pa miyala m'madzi osaya.

Chachiwiri, musaigwire, ngakhale chakumbuyo, chifukwa kachitamba kotulukira dzinolo kamapindika n'kufika pa chala, ndipo magolovesi opyapyala amabooledwa. Kuika chigoba m'thumba la thalauza musanatsimikize kuti mulibe chamoyo n'kudziputira ngozi. Polowa m'madzi valani nsapato.

Mnzanu akalasidwa, mutulutseni m'madzi msanga, mumugoneke, ndipo asayendenso. Kulungani bandeji kuyambira ku zala kukwera nayo mkono kapena mwendo wonse, yothina monga mmene mumangira phazi lobinya, kenako mangiriranipo kamtengo kuti chiwalocho chisagwedezeke. Musateme mphini, musayamwe bala, ndiponso musamange chingwe chotsekereza magazi monga ena amachitira munthu akalumidwa ndi njoka.

Apa m'pamene ambiri amanamizika: bala limakhala laling'ono ndipo mwina silipweteka kwambiri, koma ululu umakhala ukufooketsa minofu pang'onopang'ono. Dzanzi pa milomo, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kumeza kapena kulankhula bwino, zonsezi zikusonyeza kuti kupuma kungathe kuima, choncho musadikire kuti muone ngati apeze bwino. Munyamuleni kupita naye kuchipatala, ndipo akasiya kupuma panjira, muuzireni mpweya m'kamwa mosalekeza, pakuti chimene chimapulumutsa munthuyo ndicho kumuthandiza kupuma mpaka ululu utatha mphamvu m'thupi. Ngati n'kotheka, jambulani chigobacho pa foni osachikhudza, kuti adokotala akadziwe chimene chamulasa.