Musanapereke mankhwala a hepatitis C kwa wodwala wa dialysis

Anamwino anzanga, wodwala wa dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera) asanameze piritsi loyamba la hepatitis C, yezani hepatitis B: HBsAg (chizindikiro chakuti kachilombo ka B kali m'thupi), anti-HBc (chizindikiro chakuti kanalowapo m'thupi), ndipo HBsAg ikapezeka, HBV DNA (kuchuluka kwa kachilomboka m'magazi). Ine sindilola kuti izi zidumphidwe. Kachilombo ka C kamapondereza ka B, ndiye C akathetsedwa, B amatha kudzuka n'kuyamba kuwononga chiwindi, kawirikawiri pakati pa masabata 4 ndi 8 chiyambire mankhwala. FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, inachenjeza za ngoziyi mu 2016.

Amene ali ndi HBsAg, adokotala nthawi zambiri amamuyambitsa entecavir (mankhwala a hepatitis B), n'kupitiriza masabata 12 mankhwala a C atatha. Popeza impso sizikusefa, mlingo wa entecavir umachepetsedwa, ndipo amwe atachoka pa makina. Muuzeni asasiye yekha.

Pa ALT (muyezo wa m'magazi umene umakwera chiwindi chikamawonongeka) samalani kwambiri. Odwala a dialysis amakhala nayo yotsika kale, choncho ikangokwera pang'ono, ngakhale pepala la zotsatira likuti ili bwino, itanani adokotala. Pomulumikiza mapaipi, yang'anani m'maso ngati mwachita chikasu, mufunsenso ngati akusanza kapena wataya chilakolako cha chakudya.