Kufufuza vuto la mawaya ndi mafyuzi pa lole yakale

Fyuzi ikapsa pa lole yakale, anthu ambiri amathamangira kuika ina yamphamvu kuposa yoyambayo, ndipo ena amangopinda kawaya ka kopa n'kukaika pamalopo. Zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa fyuzi anaipanga kuti izipsa waya asanatenthe, ndipo nambala yolembedwa pamsana pake imayenderana ndi kukula kwa waya amene ikumuteteza. Mukaika ya maampu 30 pamalo pa ya 10, chimene chidzapse ndi mtolo wonse wa mawaya kuseri kwa dashibodi.

Yambani ndi batire, popeza batire lofooka limasokoneza kuyeza kulikonse. Injini itazimitsidwa, batire labwino la mavoti 12 limaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita yoyezera mavoti, ndipo injini ikamalira nambalayi iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Pa malole aakulu a mavoti 24, amene amakhala ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, manambalawa amawirikiza kawiri. Musanamasule waya wonenepa aliyense, chotsani kaye mutu wa negative (wokhala ndi chizindikiro cha -) pa batire.

Mafyuzi apulasitiki amadziwika ndi mtundu: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Malole akale kwambiri ali ndi mafyuzi agalasi, ndipo amenewa amapusitsa, chifukwa kawaya kamkati kamatha kuduka kumapeto, pansi pa kachipewa kachitsulo, pamene diso silingaone. Choncho musadalire maso. Tsegulani kiyi, panitsani waya wa tesita (kachida kokhala ndi kababu koyaka pakakhala moto) ku chitsulo choyera cha galimoto, kenako gusani mbali zonse ziwiri za fyuzi. Tesita ikayaka mbali imodzi yokha, fyuziyo yatha.

Ngati yatsopano ikupsanso mukangoiika, ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo, vuto limene limatchedwa shoti. Apa musawononge mafyuzi ena. Tengani babu la indiketa, mulilumikize ndi mawaya awiri ku timano timene fyuzi imalowamo. Shoti ikadalipo, babulo liwala kwambiri, koma moto sungapitirire mlingo umene babu likulola, motero waya satentha. Tsopano zulani mapulagi a panjira imeneyo limodzi ndi limodzi, ndipo gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono uku mnzanu akuyang'ana babu. Likangozima kapena kuzirala, pamene pali dzanja lanupo ndi pamene pali vuto. Ine ndimayambira pomwe mawaya amadutsa pabowo lochokera ku injini kulowa m'kabu, chifukwa karabala kotchinga m'mphepete mwa bowolo kakauma n'kugwa, chitsulo chimacheka waya ngati lumo. Yang'ananinso m'mbali mwa chasisi, pafupi ndi paipi ya utsi, ndi pa soketi ya ngolo, pomwe madzi ndi matope amasonkhana.

Pali vuto lina limene siliwotcha fyuzi konse. Mukaona nyali zakumbuyo zikuwala mofooka, kapena mukayatsa indiketa nyali ya mabuleki n'kumaphethira nayo, kaikirani waya wa earth, umene umamangidwa ku chitsulo cha galimoto kuti moto uzibwerera ku batire. Masulani bawuti yake, palani dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chiyere, mangani molimba, ndipo pakani girisi pamwamba. Galimoto ikakhala zii, popanda ngakhale nyali imodzi pa dashibodi pamene batire lili bwino, fufuzani kawaya kotchedwa fusible link, kamene kamagwira ntchito ngati fyuzi, pafupi ndi batire kapena sitata. Kakapsa mkati, khungu lake limafutuka kapena limatanuka ngati mphira mukalikoka.

Pokonza, dulani mbali yonse yowonongeka, makamaka ngati kopa wake wada kapena wabiriwira, ndipo lumikizani waya wofanana kukula ndi woyambayo. Kungopotana nsonga n'kukulunga tepi sikukhalitsa pa galimoto imene imagwedezeka tsiku lonse. Lumikizani ndi soda (chitsulo chosungunula cholumikizira mawaya) kapena panani ndi cholumikizira, phimbani ndi kapaipi kofota ndi kutentha, mangirirani wayayo kutali ndi m'mphepete mwakuthwa, kenako bwezerani fyuzi ya nambala imene yalembedwa pachivundikiro cha bokosi.