Momwe mungatsikire pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya n'kubwerako bwino

Satifiketi yoyamba ya scuba, kumene ndi kutsika pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, imakulolani kutsika mpaka mamita 18, koma akatswiri amauza ongoyamba kumene kuti posamala kwambiri ndi pa mamita 10 oyambirira. Mukafika pamenepo, mphamvu yopanikiza thupi imakhala yawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba pa madzi, ndipo makutu ndi mapapo ndi amene amayamba kuzimva.

Yambani musananyowe. Mnzanu wotsika naye aone zida zanu, inunso muone zake: malamba, zitsulo zolemetsa, jekete yoyandamitsa ndi valavu ya silinda. Kokani mpweya kangapo mu regulator, chida chopumira cha pakamwa, maso ali pa geji yosonyeza mpweya wa m'silinda. Silinda yodzaza imakonda kuwerenga bar 200 (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo singano ikamagwedera mukamapuma, ndiye kuti valavu sinatseguke yonse. Gwirizananinso za zizindikiro za manja. Pansi pa madzi chala chachikulu choloza kumwamba chimatanthauza kuti tikwere basi. Ngati zonse zili bwino, lumikizani chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati mphete.

Galasi la kumaso lisachite nthunzi, lipakeni malovu mkati lidakali louma, kenako mulitsukuluze pang'ono. Ena amanyansidwa nazo, koma zimathandiza.

Kenako yesani kulemera kwanu. Jekete ilibe mpweya, inu mutakoka mpweya wamba, madzi azikulekezani m'maso, ndipo mukautulutsa muzimira pang'onopang'ono. Atsopano ambiri amakonda kudzisenzetsa zitsulo zochuluka, kenako amavutika kupopa ndi kuphwetsa jekete ulendo wonse, mpweya n'kuwathera msanga.

Potsika, tsogozani miyendo, mutu uli m'mwamba, ndipo ngati pali chingwe chigwireni. Musadikire kuti makutu awawe. Tsinani mphuno n'kupemerera pang'ono mpaka mumve kuti atseguka, ndipo muzibwereza pa mita iliyonse. Akakana, kwerani pang'ono muyesenso, kapena mezani malovu mphuno ili chitsinire. Kukakamiza kumatha kuboola nembanemba ya m'khutu. Ngati muli ndi chimfine, tsiku limenelo ingokhalani m'boti, nsomba sizithawa.

Mukafika pansi, pumani modekha ndipo musagwire mpweya m'chifuwa ngakhale pang'ono. Mpweya umene mwakoka pa mamita 10 umafufuma kawiri pofika pamwamba, ndipo ukasowa potulukira umang'amba mapapo. Manja apindeni pachifuwa, zipsepse za kumapazi ndizo zigwire ntchito. Madzi akalowa m'galasi, kanikizani m'mwamba mwake, dzutsani nkhope, mutulutse mpweya m'mphuno. Geji muziyang'ana pafupipafupi, muuze mnzanu mpweya ukafika theka, ndipo konzani zoti mutuluke m'madzi mudakali ndi bar 50.

Pokwera ndi pomwe anthu amapupuluma, poganiza kuti ntchito yatha. Nayitrojeni wa mu mpweya umene mwapuma, amene walowa m'thupi, amafuna nthawi kuti atuluke, apo ayi amasanduka thovu m'magazi ndi m'malumikizidwe a mafupa. Choncho musapitirire mamita 9 pa mphindi, ndipo muzitulutsa mpweya mu jekete mukamakwera chifukwa nawonso umafufuma n'kukukokerani m'mwamba. Pa mamita 5 imani mphindi 3. Mamita otsalawo akwereni mochedwa kuposa ena onse, dzanja limodzi lili m'mwamba, khutu likumvetsera injini za maboti.

Bungwe la DAN (Divers Alert Network), loona za chitetezo cha otsika pansi pa madzi, limalangiza kudikira maola 12 musanakwere ndege ngati mwatsika kamodzi, ndi maola 18 ngati mwatsika kangapo kapena masiku otsatizana. Mukamva dzanzi, chizungulire, kutopa kodabwitsa kapena kuphwanya m'mapewa ndi m'zigongono mutatuluka, musabise poopa kusekedwa. Uzani anzanu nthawi yomweyo, mupatsidwe okosijeni, ndipo akuthamangitsireni kuchipatala.