Momwe mungayikire Lean pa laputopu nkumayeserera ma proof

Amene mukupanga masamu ku yunivesite mukudziwa, umalemba proof masamba awiri wekha nkumaona ngati yatheka, pepala likabwera aphunzitsi ali apa wadumpha sitepe. Lean imakugwira pompo ukadumpha. Ndi pulogalamu yaulere yolembera ndi kutsimikizira ma proof, anaiyambitsa Leonardo de Moura ku Microsoft Research mu 2013, pano tili pa Lean 4.

Musanayike chilichonse sewerani kaye Natural Number Game pa browser, ija anayambitsa Kevin Buzzard ndi Mohammad Pedramfar ku Imperial College London. Mmenemo mupeza kuti n + 0 = n ndi yachidule koma 0 + n = n imafuna induction, ine ndinayamba ndaseka kenako inandidyera madzulo onse.

Mukatero ikani Git ndi VS Code, mu VS Code musake extension ya Lean 4, iyoyo ikuyikirani yokha elan, kapulogalamu kamene kamayika Lean weniweniyo. Izi nzosavuta. Laputopu ikhale ndi RAM ya 8GB kapena kupitilira apo, ndipo mukamagula kaunjika onani nokha mu settings, ine mkulu wina mtauni ananditsimikizira kuti ndi 8 kufika kunyumba ndikupeza 4, foni osayankhanso mpaka lero.

Tsopano apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Masamu enieni, ma group, ma limit ndi zina zonse zili mu Mathlib, laibulale ya masamu ya Lean, ndipo Mathlib ndi chinthu chachikulu zedi. Ndinakoka project ya Lean yogwiritsa ntchito Mathlib ndi git clone nkutsegula fayilo nthawi yomweyo, osadziwa kuti kompyuta yayamba kumanga Mathlib yense payokha. Fani kulira ngati chigayo, kamzere ka orenji kambali kuja osasuntha, laputopu kutentha moti sungaiyike pamwendo. Ndinadikira maola ambiri ndithu, magetsi nkuzima, batire kutha. Mawa lake ndi pomwe ndinadziwa kuti umayenera kulowa mu foda ya project pa terminal nkulemba lake exe cache get, imakukokera mafayilo omangidwa kale. Lembani zimenezo MUSANATSEGULE fayilo iliyonse. Imadya bandulo ndithu komanso malo ma GB angapo, ndiye pangirani pa wifi ya pasukulu kapena bandulo ya usiku, osati ya tsiku ija. Ndipo muzitsegula foda yonse, osati fayilo imodzi yokha, apo ayi import Mathlib ingokufiirirani.

Zikatheka lembani theorem yanu, pomwe simunathe ikanipo sorry, kudzanja lamanja muziona goal, kutanthauza chomwe chatsala kuti mutsimikize. Yambani ndi ma tactic, mawu olembera masitepe a proof, ngati intro, rw, simp, ring ndi linarith. Kuti mulembe ∀ mumatayipa \forall. Ikanena No goals ndiye kuti yatheka. Laputopu ikakanika, pa live.lean-lang.org pali Mathlib kale, bola netiweki.